Mpata wa Fort Lister pa Mapu Akale

Mwa ntchito zimene mamembala a Bungwe angathe kugwira popanda kutaya ndalama zambiri, ilipo imodzi yofunika kufulumira nayo, ndiyo kuyala mapu akale a dera la Mulanje ndi Phalombe pamaso pa akuluakulu amene akali ndi moyo. Pakuti pepala limasunga mizere, koma chimene mizereyo itanthauza chili m'mitu ya anthu amene akutha chaka ndi chaka.

Mapu oyenera kuyamba nawo ndi aja anakonzedwa ndi Directorate of Colonial Surveys, nthambi imene inakhazikitsidwa ku Britain mu 1946. Iwo anajambula dziko ali m'ndege, nasandutsa zithunzizo kukhala mapu a muyeso wa 1:50,000, ndiye kuti masentimita 2 pa pepala ndi kilomita imodzi pansi. Pa mapuwo pali mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa nthaka: pamene yathithikana ndi potsetsereka kwambiri, pamene yatalikirana ndi pachidikha. Munthu wodziwa chinthu chimodzi chokhachi akayang'ana kumpoto kwa phiri la Mulanje aona msanga kuti pakati pa phirilo ndi phiri la Michesi mizere ilekana, nisiya mpata. Mbiri yaikulu ya dera lino inadutsa pa mpata umenewo.

Apaulendo onyamula minyanga ya njovu ndi kuyendetsa akapolo kunka ku Quelimane sakadakwera phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ifika mamita 3,002. Anafuna njira yachidule yokhala ndi madzi, ndipo mpatawo unawapatsa zonse ziwiri. Ndicho chifukwa chake Boma la Harry Johnston linamangapo linga mu 1893, nalitcha Fort Lister, dzina la mkulu wina wa ku London amene anthu a kuno sanamuonepo nkhope. Kumwera kwa phiri kunali linga linzake, Fort Anderson, dzina limene mapu oyamba amapatsa Boma la Mlanje. Mfumu Matipwiri ya Ayao itagonjetsedwa mu 1895, malonda a akapolo anazilala, ndipo patapita zaka ngati khumi chimangidwire chake linga la pampata linasiyidwa. Zatsala ndi zipupa zakugwa ndi manda a Gilbert Stevenson, Mzungu wa Boma amene anafera pomwepo mu 1896.

Koma mapu ayenera kuwerengedwa mochenjera, pakuti wojambula amalemba chimene womtuma afuna. Malinga, misewu ndi minda ya tiyi ya Azungu zinalembedwa mosamala, koma midzi ya anthu inangodonthezedwa. Ndege imaona madenga, koma dzina la mudzi siimalimva. Maina anachita kufunsidwa pansi, ndipo ambiri analembedwa monga khutu la mlendo linamvera. Ngakhale dzina la phiri lenilenilo linakhala Mlanje pa mapu zaka zambiri. Alomwe amene analowa mwaunyinji kuchokera ku dziko la Apwitikizi kuyambira cha m'ma 1900, ambiri mwa iwo nakhala pa minda ya Azungu pansi pa thangata kufikira linathetsedwa mu 1962, pa pepala saoneka monga mwa kuchuluka kwawo.

Chinanso, kwathu kuno dzina la mudzi ndi dzina la nyakwawa, ndipo mudzi ukasamuka dzina limasamuka nawo. Kotero mapu awiri a zaka zosiyana angathe kuika dzina limodzi pa malo awiri, onse nkukhala oona. Pa milandu ya malo apa ndi pamene anthu amasokonezeka, wina kubwera ndi pepala nati latha nkhani. Chosasamuka ndi manda. Nkhalango yaing'ono yotsala pakati pa minda, kapena mitengo ya mango yoima payokha, ndiyo mboni ya bwinja, ndipo gogo akaionetsedwa pa mapu amatchula amene anagona pamenepo.

Mizere yomwe ija ili ndi chenjezo lakenso. Kumbali za Michesi yathithikana kwambiri pamwamba pa mitsinje yotsikira ku chigwa cha Phalombe, ndipo m'mwezi wa Marichi 1991 napolo anatsika m'makwawa omwewo, nakokolola midzi ndi kupha anthu mazana angapo. Pamene Phalombe anapatulidwa ku Mulanje kukhala boma palokha mu 1998, midzi inali itamangidwanso m'munsi mwa phirilo.