Mudzi umene unachotsedwa chifukwa cha nkhosa

Anzanga a mu kalabu, tikamva mawu oti bwinja timaganiza za kwathu konkuno. Komatu ku England nakonso mabwinja aliko, oposa 3,000. Lotchuka kwambiri ndi la Wharram Percy, m'chigawo cha Yorkshire.

Mudziwu unali wakalekale, moti unalembedwa m'kaundula wa mfumu wotchedwa Domesday Book m'chaka cha 1086. Anthu ake anali alimi. Anali ndi tchalitchi cha St Martin, dziwe komanso chigayo choyendera madzi. Koma nthaka imene ankalimayo sinali yawo. Inali ya banja lolemera, iwo ankangolipira lendi.

Mu 1348 ndi 1349 mliri wa Black Death unapha anthu osawerengeka ku England, ndiye ambiri amaganiza kuti ndi umene unathetsa midziyi. Ku Wharram Percy ayi ndithu. Mudzi unachepa, koma anthu anakhalabe pomwepo zaka zina zoposa 100.

Chimene chinaumaliza mudziwu ndi ndalama basi. M'zaka za m'ma 1400 malonda a ubweya wa nkhosa ankapindulitsa kuposa ulimi wa mbewu, komanso gulu lalikulu la nkhosa limangofuna abusa ochepa. Eni malo pa nthawiyo, banja la Hilton, anaona kuti alimi akungowatsekera phindu. Cha m'ma 1500 mabanja otsala anachotsedwa, minda nkusanduka busa.

Nanga zonsezi tikuzidziwa bwanji? Zina zili m'zikalata zakale, koma zambiri zatuluka m'dothi. Kuyambira 1950 mpaka 1990, akatswiri motsogozedwa ndi Maurice Beresford ndi John Hurst ankafukula malowa chaka ndi chaka, mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka. Anapeza maziko a nyumba, mapale ndi mafupa a anthu oposa 600 m'manda a patchalitchi. Mafupawo akusonyeza kuti ana ambiri anali opinimbira, ndiye kuti moyo unali wothina zedi. Lero pamalopa patsala zipupa za tchalitchi ndi timizere m'udzu toonetsa pamene panali nyumba ndi njira.

Anthu aja anapulumuka mliri, koma analephera kupulumuka m'manja mwa mwini malo, poti pa nthaka imene makolo awo analimapo zaka mazanamazana analibe mawu. Loweruka tikakumana tidzakambirane izi: munda umene umakudyetsani kwanuko uli m'dzina la ndani? Mufunsiretu akuluakulu kunyumba, mudzabwere ndi yankho.