Kuchedwa kwa turbo pa galimoto zothamanga ndi njira zokuchepetsera

Kuchedwa kwa turbo, kumene amakaniko amakutcha turbo lag, ndi kanthawi kamene kamadutsa kuchokera pamene woyendetsa waponda moto kufikira pamene injini yatulutsa mphamvu zake zonse. Pa galimoto imene ili monga idachokera ku fakitale, kanthawika n'kochepa. Koma pa galimoto yothamanga imene mwini wake waikonzanso kuti ikhale ndi mphamvu zoposa, kamatalika: munthu amaponda, galimoto ili duu, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi. Amene adayesapo kupitirira lole pamsewu wa M1, galimoto ina ikubwera kutsogolo, akudziwa kulemera kwa sekondi imodzi yotere.

Turbo, imene katswiri wa ku Switzerland Alfred Büchi adalembetsa mu 1905, ili ndi mawilo awiri a mapiko olumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Wilo loyamba limazunguzidwa ndi utsi wotentha wotuluka m'injini, ndipo lachiwiri limapanikiza mpweya wabwino n'kuukankhira m'masilinda. Mpweya wambiri umalola kuwotcha mafuta ambiri, mphamvu n'kuchuluka. Vuto n'lakuti mawilowa amayenera kuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo sangafike pamenepo popanda utsi wokwanira, pomwe utsi wokwanirawo umadikira kuti injini iyambe kugwira ntchito molimba. Kudikirana kumeneku, pamodzi ndi nthawi yodzaza mapaipi ndi mpweya wopanikizidwa, ndiko kuchedwa kwa turbo. Porsche 911 Turbo ya 1975 idatchuka ndi khalidweli kotero kuti anthu adaipatsa dzina lotanthauza "yosiyitsa akazi umasiye", poti mphamvu zinkabwera zonse pakamodzi, nthawi zina pakati pa khona.

Pali chinthu china chimene ambiri amachisokoneza ndi kuchedwaku. Turbo iliyonse ili ndi mlingo wa kazunguliridwe ka injini umene pansi pake singapanikize mpweya ngakhale mutadikira motani. Woyendetsa amene waponda moto ali mu giya 5, injini ikuyenda pang'onopang'ono, sadakumane ndi turbo lag. Wasankha giya yolakwika. Mankhwala ake ndi kutsitsa giya, ndipo salira ndalama.

Nkhani yaikulu koposa ndi kukula kwa turbo. Yaikulu imakankha mpweya wambiri, koma wilo lake likakula pang'ono chabe, mphamvu yofunika kulithamangitsa imakwera kwambiri. Toyota Supra ya 1993, ya injini ya 2JZ-GTE, idatuluka ndi ma turbo awiri ogwira ntchito motsatizana: imodzi inkayamba yokha injini ikuyenda pang'ono, inzake n'kudzalowa pambuyo. Mazda RX-7 ya nthawi yomweyo ndi Porsche 959 zidatsata njira yofanana. Anthu ambiri okonzanso Supra amachotsa awiriwo n'kuikapo imodzi yaikulu. Nambala ya mphamvu imene amanyadira imakweradi, koma galimotoyo imasanduka yaulesi m'tauni. Kwa galimoto yoyenda pamsewu wamba, nzeru ndi kusankha turbo yaing'ono koposa imene ingakwanitse mphamvu zimene mwini akufuna. Chibaba cha chitsulo chimene utsi umadutsamo nachonso chimasankhidwa: chothina, cha nambala ya A/R yaing'ono, chimafulumizitsa utsi ndi kudzutsa turbo msanga, koma chimaitsamwitsa injini ikafika pamwamba.

Kupepuka kwa mawilo kumathandiza. Nissan Skyline GT-R ya 1989 idali ndi mawilo a seramiki, opepuka kuposa achitsulo, koma amadziwika kuti amaphwanyika munthu akakweza kwambiri mpweya wopanikizidwa. Turbo yozungulira pa timipira ta ma bearing imadzukanso msanga poyerekeza ndi yoyandama pa oyilo yekha, ngakhale mtengo wake ndi wokwera.

Njira ina ndi ya twin-scroll, imene imagawa utsi m'ngalande ziwiri. Pa injini ya masilinda anayi oyaka motsatizana 1-3-4-2, silinda 1 ndi 4 amalowa ngalande imodzi, 2 ndi 3 inzake, kuti utsi wa silinda ina usagundane ndi wa inzake. Wogula turbo yotere n'kuimanga pa mapaipi osakaniza utsi wonse wataya phindu lake lalikulu.

Komabe munthu asanagule chilichonse, ayenera kupimitsa mapaipi. Kabowo kakang'ono kapena chomangira chokhwefuka chimataya mpweya umene turbo yavutika kupanikiza, ndipo pa galimoto zakale zoitanitsa ku Japan vutoli si lachilendo. Intercooler, chozizitsira mpweya, ikakula mopitirira ndi mapaipi ake aatali, imawonjezera malo oti adzazidwe. Paipi ya ekizozi yotakasuka kuseri kwa turbo imalola utsi kutuluka mosavuta. Palinso valavu yotulutsa mpweya pamene woyendetsa wachotsa phazi posintha giya, kuti mpweyawo usabwerere kukagunda wilo. Achinyamata amakonda yotayira kunja chifukwa cha kaphokoso kake ka "pshii", koma pa injini imene imayeza mpweya usanafike ku turbo, kompyuta imathira mafuta a mpweya umene watayika kale, galimoto n'kumajejema. Yobwezera mpweya m'kati ndiyo yoyenera pamenepo.

Kuchuna kompyuta ya injini kumasintha nthawi yoyatsa mapulagi, kuchuluka kwa mafuta ndi katsekedwe ka wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi. Kukachitika mosasamala, petulo amaphulika nthawi isanakwane ndipo mapisitoni amawonongeka. Pulogalamu yokoperedwa pa intaneti siidziwa petulo wa kwanu kapena mtunda umene muli. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, Johannesburg pa mamita oposa 1,700, ndipo kumtunda mpweya ndi wopyapyala, choncho turbo imachedwerapo kudzaza.

Galimoto za mpikisano wa rally zimagwiritsa ntchito anti-lag: moto umachedwetsedwa kuti mafuta akapsere m'paipi ya ekizozi, turbo n'kumazungulirabe phazi litachoka. Imagwiradi ntchito, ndipo kuphulika konga mfuti kumachokera pamenepo. Koma kutentha kwake kumadya turbo ndi mavalavu, zimene timu ya mpikisano imasintha pafupipafupi. Pa galimoto yopitira kuntchito ndi njira yachidule yopita ku garaja.

Mafakitale adatenga njira zina. Turbo ya timapiko tosuntha, imene imathina utsi ukachepa n'kutakasuka ukachuluka, ndi yofala pa dizilo, kuphatikizapo Hilux za D-4D. Pa petulo, amene utsi wake umatentha kwambiri, Porsche idaiika pa 911 Turbo mu 2006. Kenaka padabwera magetsi. Kuyambira 2014 mpaka 2025, galimoto za Formula One zidali ndi mota yozunguza turbo utsi usanafike, ndipo Mercedes-AMG C43 ya 2022 idabweretsa nzeruyi pamsewu. Imadalira magetsi a mavoti 48 ndi kompyuta yopangidwira ntchitoyo, motero siingangomangidwa pa Subaru yakale.