Njala ya Ndalama ku Kafue ndi Shimabala

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kumwera, akapitirira Chilanga, amafika pa Shimabala asanatsikire ku Kafue. Ndi malo a minda ndi migodi ya miyala, ndipo msewu waukulu ndi njanji zimapyola pomwepo. Mbiri ya malowa siingapatulidwe ku mbiri ya Kafue, pakuti pamene mafakitale a ku Kafue anali kufuka utsi, alimi a ku Shimabala anali nako kogulitsa cimanga, ndiwo ndi nkhuku zao. Ndipo utsiwo utazilala, anchito ocotsedwa anatembenukira ku minda ndi miyala yomweyo.

Makolo anali kuidziwa bwino njala ya cilala. Imaonekera kumwamba mitambo ikakana, ndipo mvula ikabwerera njalayo imatha. Koma kuyambira caka ca 1975 dziko la Zambia linaona njala ya mtundu wina, yobwera mvula ili kugwa bwino lomwe. Iyi inali njala ya ndalama. Inakhala zaka zoposa makumi awiri, ndipo isanatseke zitseko za mafakitale inayamba yaononga cikhulupiriro cimene cinali pakati pa wanchito ndi nchito yake.

Njanji inaoloka mtsinje wa Kafue m'caka ca 1906, koma kwa zaka zambiri Kafue anangokhala kamudzi ka pa siteshoni, ka asodzi ndi anchito a m'mafamu. Mu 1951 fakitale ya simenti inatsegulidwa ku Chilanga, ndipo simenti yake inathandiza kumanga dziwe la Kariba. Kusintha kwenikweni kunadza dziko litalandira ufulu mu 1964. Caka cotsatira Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, kumene Zambia anali kugula katundu wake wambiri, motero Boma la Dr. Kenneth Kaunda linatsimikiza mtima kuti dziko lidzipangire lokha zofunika. Kafue anasankhidwa cifukwa anali ndi madzi, njanji, ndiponso magetsi a ku Kafue Gorge amene anali kukonzedwa. Pansi pa bungwe la Boma la INDECO kunamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia imene inayamba nchito mu 1970. Kunamangidwanso mudzi watsopano wa nyumba za anchito, wochedwa Kafue Estates.

Kwa munthu wolembedwa masiku amenewo, nchito siinali malipiro okha ai. Inali nyumba ya madzi ndi magetsi, inali mankhwala mwana akadwala, inalinso ciyembekezo ca penshoni pa ukalamba. Mnyamata wotsiriza sukulu anali kulowa pa cipata ca fakitale ali ndi maganizo akuti adzaturuka atamera imvi. Kumudzi anali kumuwerengera ngati nkhokwe ya banja lonse: kwa iye kunali kucokera ndalama za sukulu za ang'ono ake, bulangete la amai, ndi khasu la atate. Pa cifukwa ici anali kunyadira nchito yake ndi kusamala makina ngati ake.

Koma zonsezi zinatsamira pa mtengo umodzi. Mkuwa ndiwo unali kubweretsa ndalama zakunja zoposa magawo 9 mwa magawo 10. Mu 1973 malire a Rhodesia anatsekedwa, ndipo caka comweco mtengo wa mafuta unayamba kukwera mpaka unafika kanai. Kenaka pakati pa 1974 ndi 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pafupifupi ndi theka. Cakudza sicimba ng'oma: ambiri anayesa kuti ndi bvuto la caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo Boma lomwe linakongola ndalama kunja poyembekeza kuti mkuwa ukweranso posacedwa. Sunakwere.

Wina angafunse kuti kugwa kwa mkuwa ku Kitwe kungaimitse bwanji makina oombera nsalu ku Kafue. Yankho ndi lakuti makinawo anali ogula kunja. Thonje linali la m'dziko momwemo, malasha opangira feteleza anali a ku Maamba, koma citsulo cikathyoka, kapena utoto wa nsalu ukatha, panafunika ndalama zakunja, ndipo ndalamazo ndizo zinasowa. Makina amodzi anali kuphwasulidwa kuti ena ayende. Anchito anali kufika m'mawa pa nthawi yake, nakhala pansi kudikira citsulo cimene cinali cisanacoke ku Ulaya.

Apa ndipo mtima wa anchito unayambira kusintha. Munthu amene wazolowera kufika pa nchito napeza palibe cocita, m'kupita kwa nthawi amaleka kufulumira. Ndiponso malipiro anayamba kusungunuka m'manja. Mu Okutobala 1985, potsata uphungu wa IMF, Boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja kwa wopereka zambiri. Dola imodzi, imene inali kugulidwa ndi makwacha awiri ndi pang'ono, inafika pa makwacha 21 mu Epulo 1987. Mtengo wa unga utakwezedwa mu Disembala 1986 kunabuka cipolowe ku migodi, ndipo anthu 15 anafa. Pa 1 Meyi 1987 Dr. Kaunda anasiya mapangano a IMF, koma mizere ya pa sitolo yofuna unga, sopo, saladi ndi shuga siinathe. Mu Juni 1990 cipolowe ca unga cinabukanso, tsopano mu Lusaka mwenimweni.

M'makampani ambiri a Boma malipiro a mwezi anali kutha sabata yaciwiri isanathe. Wanchito anayamba kukhala ndi mitima iwiri, thupi pa nchito, maganizo ku kamunda kapena ku kamalonda kake. Ena anali kuzemba masana. Ena anali kutola tinthu ta kampani nakagulitsa, osakuyesa kuba koma kudzilipira. Akapitao anali kudandaula za ulesi, anchito nadandaula za njala, ndipo onse awiri anali kunena zoona. Mabungwe a anchito analimba mau, ndipo mtsogoleri wao, Frederick Chiluba, amene anatsekeredwa m'ndende mu 1981, ndiye anapambana pa masankho a Okutobala 1991, anchito a m'matauni atamubvomereza ndi mtima wonse.

Cimene anchitowo anayembekeza sindico cinadza. Mu 1992 kunakhazikitsidwa lamulo logulitsa makampani a Boma, thandizo la pa unga linacotsedwa, ndipo malire anatsegulidwa kwa katundu wakunja. Caka comweco kunagwa cilala coopsya, anthu nadya cimanga cacikasu cocokera kunja, mitengo ya zinthu nikwera koposa kawiri m'caka cimodzi. Zobvala zakale zocokera kunja, zochedwa salaula, zinadzaza m'misika. Kwa mai wosauka salaula anali cipulumutso, pakuti anabveka ana ake ndi ndalama zocepa. Koma mwamuna wake woomba nsalu ku Kafue ndiye analipira mtengo wake. Fakitale ya Chilanga inagulitsidwa mu 1994 nipitiriza nchito. Ya nsalu inacepetsa anchito mobwereza-bwereza mpaka makina ake anakhala cete m'zaka zoyamba za m'ma 2000. Ya feteleza siinatsekedwe, koma kwa zaka zambiri inali kuyenda modukiza, malipiro nacedwa miyezi.

Nthawi imeneyi mzimu wa pa nchito unasinthanso. Kudandaula kwa poyera kunasanduka mantha. Mphekesera ya maina a ocotsedwa ikamveka, munthu anali kubisa matenda ake, naleka kutsutsa cinthu ngakhale aona kuti cili kuonongeka. Abwenzi a zaka zambiri anayamba kukaikirana, pakuti kutsala kwa mmodzi kunali kucoka kwa mnzake. Otsalawo anaona mmene akuluakulu otumikira zaka makumi awiri anali kuyendera maofesi kufunsa ndalama zao zotsiriza, ena mpaka kumwalira asanazilandire. Wacinyamata woona zotere sakanakhulupiriranso kuti kukhulupirika kuli ndi mphotho.

Kunyumba katundu anagwera amai. Iwo ndiwo anakhala pa msika ndi m'mbali mwa msewu kugulitsa tomato, nsomba za mu Kafue, makala ndi zitumbuwa. Ena, pamodzi ndi ana ao, anali kuphwanya miyala ndi nyundo naiunjika milu kudikira omanga nyumba. Thumba la unga linalowedwa m'malo ndi timapepala tating'ono ta tsiku limodzi, tochedwa pamela. Mabanja ena anapulumuka ndi cilimba, kusonkherana ndalama mosinthana. Ena anamira m'kaloba, ngongole ya ciwongola dzanja coopsya. Zipatala zitayamba kulipiritsa, ndi sukulu kufuna ndalama, makolo anali kusankha mwana woti apitirize, ndipo kawirikawiri wotsala anali mtsikana. Zaka zomwezo matenda a Edzi anali kutenga amuna ndi akazi a msinkhu wogwira nchito, motero nyumba zopanda malipiro zinalandiranso ana amasiye.

Thandizo linatembenuka njira. Kale ndalama zinali kucoka m'tauni kupita kumudzi. Tsopano thumba la cimanga linali kucoka kumunda kupita m'tauni. Mwamuna amene kale anali kuyendetsa makina a ku Japan anaphunziranso khasu, ndipo manyazi a cinthu cimeneci anapasula maukwati ena ndi kukankhira ena ku mowa. Koma anapulumuka msanga ndi awo amene sanataye abale ao pa masiku a mwai, pakuti kupatsa nkuika. Enanso anathandizidwa pamene Boma linayamba kugulitsa nyumba kwa okhalamo mu 1996, popeza nyumba inasanduka cuma cobwereketsa.

Mu 2002 maphunziro a pulaimale anakhalanso aulere. Mu 2005 ngongole zambiri za dziko zinakhululukidwa, mkuwa unakwera, ndipo pambuyo pake ku Kafue kunamangidwa fakitale ya zitsulo. Mu 2017 pa Shimabala panatsegulidwa cipata colipiritsa magalimoto, cizindikiro ca kuculuka kwa malonda pa msewuwo. Komabe nchito yakale ija, ya nyumba ndi penshoni, siinabwerere kwa ambiri. M'malo mwake munadza mapangano a miyezi yowerengeka ndi maganyu.

Wotsiriza sukulu adzamva akulu ena akunena kuti anchito a masiku ano alibe mtima pa nchito. Asanabvomereze, aziyamba wafunsa cimene anchitowo anaona m'nyumba za atate ao. Mtima wa pa nchito umamera pa malipiro ofika pa tsiku lake ndi pangano losungidwa. Zimenezi zikasweka, makina atsopano angagulidwe m'caka cimodzi, koma cikhulupiriro cimafuna mbadwo wathunthu.