MANAMBALA A AROMA NDI TIMIYALA TAO

Ambiri a inu mudaonapo koloko imene pankhope pace palibe 1, 2, 3, koma pali I, II, III kufikira XII. Akuru amene adaphunzira kale akumbukira kuti pacikuto ca buku anali kulemba kuti Standard IV kapena Standard VI. Maina a mafumu naonso timawaona olembedwa cotere: Mpezeni IV, Elizabeth II, Charles III. Zilembo zimenezi ndizo manambala a Aroma. Lero ndifuna kuyankha funso limene lidandibvuta pamene ndinali mwana wa sukulu. Anthu aja adamanga miseu, milatho ndi ngalande za madzi, nasonkhetsa msonkho m'maiko ambiri. Kodi masamu anali kucita bwanji ndi zilembo zotere?

Tiyambe tazidziwa zilembozo. Ziripo zisanu ndi ziwiri: I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, ndipo M ndi 1,000. Poyamba sizinali zilembo ai, koma zizindikiro cabe, zimene Aroma adatengera kwa anansi ao a ku Etruria. Ophunzira ambiri ayesa kuti gwero lace ndi mizere imene abusa anali kutema pamtengo powerenga ziweto: nkhosa imodzi mzere umodzi, yacisanu cizindikiro cina, yakhumi mizere iwiri yopingasa.

Kwa ife olankhula Cinyanja kawerengedwe kameneka si kacilendo. Tikafika pa zisanu timayambanso, timati zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Mroma anali kulemba cimodzimodzi: VI, VII, VIII. Tonsefe tidaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi, ndiye dzanja la zala zisanu.

Kusukulu amatiuza kuti cilembo cacing'ono cikatsogola cacikuru ticotsere, cotero IV ndi 4 ndipo IX ndi 9. Koma Aroma eni ace sanali kusunga lamuloli masiku onse. Pa zipata za Colosseum, bwalo lalikuru la masewera limene lidatsegulidwa mu mzinda wa Roma m'caka ca 80, cipata ca 44 cidalembedwa XLIIII. Ndipo makoloko ambiri kufikira lero ali ndi IIII pa ora lacinai.

Bvuto loyamba la manambalawa ndi kutalika. Caka ca ufulu wa Zambia, 1964, cilembedwa MCMLXIV, koma 1888 afuna zilembo 13, MDCCCLXXXVIII. Pamene Gaius Duilius adagonjetsa zombo za Carthage m'caka ca 260 Kristu asanabadwe, Aroma adamuimikira cipilala ca cikumbutso. Kuti aonetse kucuruka kwa cuma cimene adalanda, wosema mwala adabwereza cizindikiro ca 100,000 koposa kamakumi awiri.

Kuonkhetsa kokha sikubvuta. Tengani LXXVIII ndi XXXVII, ndiko kuti 78 ndi 37. Unjikani zilembo zofanana pamodzi monga acitira mai posankha nyemba pa licero. Ma I asanu asanduka V mmodzi. Ma V awiri aja asanduka X. Ma X asanu asanduka L, ndipo L ameneyu pamodzi ndi mnzace apanga C. Yankho ndi CXV, ndiye 115. Koma tayesani kucurukitsa XXIII ndi XVII. Mudzapenya zilembozo kufikira dzuwa litalowa, koma sizidzakuuzani poyambira, pakuti palibe mzere wa makumi kapena wa mazana woti muike cina pansi pa cinzace.

Yankho la funso langa lija ndi ili: Aroma sanali kucita masamu ndi zilembozi konse. Nchito yace inali kusunga yankho, koma masamu eni ace anali kucitika pa zala ndi pa thabwa lochedwa abacus. Amene adziwa nsolo sadzabvutika kumva. Pathabwapo panali mizere, woyamba wa timodzitimodzi, waciwiri wa makumi, wacitatu wa mazana, ndipo m'mizeremo anali kuikamo timiyala. Timiyala khumi tikakwana mu mzere umodzi, anali kuticotsa naika kamodzi mu mzere wotsatira. Kamwala kotere m'Cilatini ndi calculus, ndipo mau a Cingelezi akuti calculate adacokera pomwepo. Panalinso mzere wa zigawo, pakuti Aroma anali kugawa cinthu pakhumi ndi pawiri, cigawo cimodzi nacicha uncia. Inchi ya mmisiri wa matabwa ndi mdzukulu wa liu limeneli.

Taonani tsono cinthu codabwitsa. Pa thabwa Mroma anali kudziwa bwino kuti kamwala kamodzi kakhala 1, 10 kapena 100 monga mwa malo ace. Pofuna 205 anali kuika timiyala tiwiri pa mazana, tisanu pa timodzitimodzi, mzere wa makumi nausiya wopanda kanthu. Cimene adasowa ndi cizindikiro colembera mzere wopanda kanthuwo. Anangolemba CCV, ndipo nzeru yonse ya malo inatsala pa thabwa.

Cizindikiro cimeneco, ziro, cidakhwima ku India. M'caka ca 628 Brahmagupta adalemba malamulo a masamu ocita ndi ziro. Capafupi ndi caka ca 825, al-Khwarizmi wa ku Baghdad adalemba buku lofotokoza kawerengedwe ka Amwenye, ndipo amalonda a Ciarabu adakafalitsa. Njira imodzi yaikuru imene kadalowera ku Ulaya idadzera muno mu Afrika. Mnyamata wa ku Pisa, Leonardo, amene lero timucha Fibonacci, adatsata atate wace ku doko la Bugia, limene tsopano ndi Bejaia m'dziko la Algeria. Kumeneko adaphunzira manambala asanu ndi anai aja pamodzi ndi ziro, ndipo m'caka ca 1202 adalemba buku lace Liber Abaci, kuonetsa amalonda a kwao kasinthidwe ka ndalama ndi kawerengedwe ka phindu.

Musayese kuti Azungu adalandira msanga. M'caka ca 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence lidaletsa anthu ace kulemba manambala atsopanowa m'mabuku a cuma. Ambiri ayesa kuti adaopa cinyengo, pakuti munthu wocenjera akhoza kuika kamcira pa 0 nasanduka 6 kapena 9. Padapita zaka zina mazana awiri ndi mphambu, kufikira makina osindikiza atacurukitsa mabuku a masamu m'zaka za m'ma 1500, ndipo pamenepo thabwa lidayamba kugonja.

Nanga cidapambanitsa manambala atsopano nciani? Masamu a timiyala safuna kucedwa, koma sasiya mapazi. Mlembi akasesa thabwa lace, mwini ngongole atsala ndi yankho lokha, ndipo alibe poonera ngati padalakwika. Masamu a papepala asiya njira yonse poyera, ndipo munthu ali yense wodziwa zizindikiro khumi akhoza kuilondola. Mlimi amene wagulitsa matumba 23 a cimanga akhoza kutenga pensulo nayesa yekha ngati kalaliki wamwerengera bwino. Mphamvu imeneyi mlimi wa ku Roma analibe.

Manambala a Aroma sadafe, koma adapuma pa nchito yolemetsa. Tsopano akhala monga nkhalamba yolemekezeka pabwalo: timawaitana pochula mafumu, pa makoloko, pa mitu ya mabuku ndi pa miyala ya cikumbutso. Mukakumana nao, awerengeni ndi ulemu, pakuti adatumikira Ulaya zaka zoposa 1,500. Koma mwana wanu akabwera kusukuru nadandaula za masamu ogawa, mpatseni MDCCCLXXXVIII kuti agawe ndi XVI. Ndikhulupirira kuti adzabwerera ku manambala ace ndi mtima woyamika.