Al-Khatib al-Baghdadi

Abu Bakr Ahmad ibn Ali ibn Thabit, wodziwika ndi dzina loti al-Khatib al-Baghdadi (1002–1071), anali katswiri wa Hadisi ndi malamulo a Chisilamu, komanso mlembi wa mbiri ya mzinda wa Baghdad, womwe lero ndi likulu la dziko la Iraq. Mawu oti al-Khatib m'Chiarabu amatanthauza mlaliki.

Moyo wake

Anakulira m'mudzi wa Darzijan pafupi ndi Baghdad, komwe bambo ake ankalalikira mumzikiti. Pofunafuna maphunziro anayenda ku Basra, Nishapur ndi Isfahan. Poyamba ankatsata chiphunzitso cha Hanbali, koma pambuyo pake anasamukira ku cha Shafi'i, zomwe zinamudanitsa ndi ena mwa anzake akale. Ali ku Makka pa ulendo wa Hajji, anawerenga buku la Sahih al-Bukhari pamaso pa Karima al-Marwaziyya, mayi wodziwika bwino pa maphunziro a Hadisi.

Mu 1059, pa nthawi ya chipwirikiti cha mkulu wa asilikali al-Basasiri, anathawira ku Damascus n'kumaphunzitsa mu mzikiti waukulu wa Umayyad. Kenako anakhala ku Tyre, ndipo anabwerera ku Baghdad mu 1070.

Nkhani ya kalata yachinyengo

Nduna yaikulu ya Khalifa al-Qa'im, Ibn al-Muslima, inamuonetsa kalata yomwe inkati Mtumiki Muhammad anachotsera Ayuda a ku Khaybar msonkho wa jizya. Al-Khatib anayang'ana mayina a mboni n'kunena kuti kalatayo ndi yopeka. Khaybar inagonjetsedwa mu 628, pomwe mboni imodzi, Sa'd ibn Mu'adh, inali itamwalira kale mu 627, ndipo inayo, Mu'awiya, inalowa Chisilamu mu 630. Nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha momwe kudziwa zaka za moyo wa anthu kumathandizira kuzindikira zolemba zabodza.

Zolemba zake

Buku lake lalikulu ndi Tarikh Baghdad. Limayamba ndi kufotokoza momwe mzindawu unamangidwira, ngalande zake, milatho, misika ndi mizikiti. Kenako likulongosola za anthu oposa 7,800 omwe anakhala kapena kudutsa mu Baghdad: makhalifa, oweruza milandu, alakatuli, makamaka ofalitsa Hadisi. Pa munthu aliyense amatchula aphunzitsi ake, ophunzira ake ndi zomwe akatswiri ananena ngati anali wodalirika kapena ayi. Popeza Baghdad yakaleyo inaonongeka kwambiri, makamaka Amongol ataulanda mzindawu mu 1258, ofufuza mbiri amadalira bukuli kuti adziwe momwe unkaonekera. Linasindikizidwa ku Cairo mu 1931 m'mabuku 14.

Analembanso al-Kifaya fi ilm al-riwaya, lonena za malamulo olandirira ndi kufalitsira Hadisi, ndi Taqyid al-ilm, lonena za kusunga chidziwitso pochilemba.

Imfa yake

Anamwalira ku Baghdad mu Seputembala 1071. Asanamwalire anagawa chuma chake ngati sadaka, ndipo mabuku ake anawasiyira Asilamu kuti aziwerenga. Anaikidwa ku manda a Bab Harb, pafupi ndi manda a Bishr al-Hafi.