Kodi Nyuzi Zakale Zinali Zabwino Koposa?

Inu acinyamata, kodi munamvapo akulu akudandaula kuti nyuzipepala za masiku ano zasukuluka, zangodzala ndi mijedo ndi mikangano ya ndale? Dandaulo limeneli n'lomveka. Koma tisanatamande zakale, tiyeni tione zimene zinacitika kuno ku Migodi.

Ku Ndola kunali nyuzipepala yochedwa Northern News. Mwini wake pa nthawi ina anali Roy Welensky, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Federation, ndipo inali kulankhulira azungu. Kampani ya Lonrho itaigula, mu 1965 inaisintha dzina kukhala Times of Zambia. Nayonso wailesi ya kanema, imene inayambira ku Kitwe mu 1961, poyamba inali kusangalatsa azungu a m'migodi.

Ufulu utabwera, mkonzi wa Times, Dunstan Kamana, anali kudzudzula boma mopanda mantha, koma mu 1972 anamucotsa pa mpando. Mu 1975 a Kaunda analengeza kuti cipani ca UNIP cidzatenga nyuzipepalayo. M'zaka za cipani cimodzi, ofuna kumva mbali ina anali kudalira National Mirror, imene mipingo inayambitsa mu 1972. The Post inabadwa mu 1991, koma inatsekedwa mu 2016 pa nkhani ya misonkho.

Mwaona tsono kuti nyuzipepala iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo kulemba coonadi kunacotsetsa anthu nchito kale lomwe. Conco mukalandira nkhani pa foni, musathamangire kuitumiza. Yambani mwadzifunsa kuti: wailemba ndani, nanga apindula ciani ine ndikaikhulupirira?