Chiwindi cha womwa mowa ndi ubongo wa woiwala: mbiri ya matenda awiri amene anadzapezeka pachibale

M'chaka cha 1906, pamsonkhano wa madokotala ku Tübingen m'dziko la Germany, Alois Alzheimer anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, amene anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51, akuiwala ndi kusokonekera maganizo. Mayiyo atamwalira, Alzheimer anapima ubongo wake pa maikulosikopu n'kupeza tiulusi topiringizana m'kati mwa maselo. Omvera sanachite nazo chidwi kwenikweni.

Patapita zaka zisanu, ku Boston, Frank Burr Mallory anaona timibulu tachilendo m'maselo a chiwindi cha anthu amene mowa unawawononga. Alzheimer ndi Mallory anali madokotala a ziwalo zosiyana, m'maiko osiyana, ndipo palibe akanaganiza kuti zimene anaonazo n'zapachibale. Panadutsa zaka zoposa 70 chibalecho chisanaonekere.

Chinachedwetsa n'chakuti anthu sankadziwa bwino za m'kati mwa selo. Monga nyumba imadalira nsichi ndi mapaso, selo nalonso lili ndi mapuloteni amene amalukana n'kulichirikiza. Ena ndi timachubu totchedwa microtubule, timene katundu wa selo amayendapo. Ena ndi ulusi wolimba, ndipo m'chiwindi ulusiwu ndi wa keratin, wa mtundu umodzi ndi puloteni ya tsitsi ndi zikhadabo. Selo la minyewa limatha kutalika pafupifupi mita, kuchokera kumsana kukafika kuchala cha phazi. Timachubuti tikaphwasuka, kumapeto kwa selo lalitali chonchi sikufikanso kanthu.

Chaka cha 1975 chinatsegula makomo awiri. Ku Princeton, gulu la Marc Kirschner linapeza puloteni yothandiza timachubu tija kulumikizana, n'kuitcha tau. Iwowa sankafufuza matenda oiwala ayi, ankangofuna kudziwa mmene selo limadzimangira. Chaka chomwecho ku Austria, Helmut Denk ndi anzake anadyetsa mbewa za mu labotale griseofulvin, mankhwala a zipere, koma ochuluka zedi komanso kwa nthawi yaitali, kusiyana kutalitali ndi mlingo umene wodwala amapatsidwa. Chiwindi cha mbewazo chinatuluka timibulu ta Mallory, mowa osaulawa ngakhale dontho. Pogwira ntchito ndi Werner Franke wa ku Heidelberg, Denk anaonetsa kuti timibuluti ndi keratin wa selo lomwelo, amene waunjikana molakwika.

Apa m'pofunika kuimapo pang'ono. Kwa zaka zambiri timibuluti tinkatengedwa ngati chidindo cha uchidakwa. Pano zikudziwika kuti timapezekanso mwa anthu amene chiwindi chawo chadzaza mafuta chifukwa cha kunenepa kapena matenda a shuga, komanso mwa odwala matenda a Wilson, amene kopa amaunjikana m'thupi. Bishr Omary ndi anzake ku Stanford anaonetsanso kuti ena amabadwa ndi keratin 8 kapena 18 wolakwika, zimene zimachititsa chiwindi chawo kugonja msanga. Munthu wotupa mimba chifukwa cha chiwindi timafulumira kumuweruza kuti ndi kachasu. Kafukufukuyu akutiletsa kutero, ngakhale kuti mowa ukuwonongadi ziwindi zambiri.

Kumbali ya ubongo, zinthu zinathamanga pakati pa 1985 ndi 1988. Jean-Pierre Brion ku Brussels, Inge Grundke-Iqbal ndi Khalid Iqbal ku New York, kenaka Michel Goedert ndi Claude Wischik ku Cambridge, anatsimikiza kuti tiulusi timene Alzheimer anaona tija ndi tau amene wasiya ntchito yake n'kumangomatana yekhayekha. Mu 1998 kunapezeka mabanja amene cholakwika mu jini ya tau chokha chinali kubweretsa matenda oiwala.

Njira ziwirizi zinakumana mu 1988 ku Nottingham. James Lowe ndi anzake anapeza kapuloteni kamodzi, ubiquitin, m'timibulu ta Mallory, m'tiulusi ta Alzheimer, ndiponso m'timibulu timene Friedrich Lewy anafotokoza mu 1912 mwa odwala matenda a Parkinson. Selo limamata ubiquitin pa puloteni yowonongeka kuti iphwanyidwe. Kuipeza itadzaza pamenepo kukusonyeza kuti selo linazindikira vutolo, linayesa kuchotsa, koma ntchito inalikulira. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, amene anatulukira kaphwanyidwe kameneka, analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Kuyambira 2007 timibulu ta m'chiwindi timatchedwa ta Mallory-Denk.

Chimene chimandipatsa chidwi kwambiri ndi mbewa za Denk. Akazisiyitsa mankhwala aja, timibulu timazimirira pakapita milungu ingapo, koma akaziyambitsanso timabwerera m'masiku ochepa chabe. Chiwindi chimatha kudziyeretsa ndi kupanga maselo atsopano. Maselo ambiri a ubongo salowedwa m'malo akafa, n'chifukwa chake ofufuza za tau akulimbikira kupeza njira zomuzindikirira m'magazi munthu asanayambe kuiwala.